Tsiku Limene Ndinakana Kubweza Maliro Paphiri

Tadala ndi Mphatso, mwakhala mukumva kuti ntchito yabwino imene ndinaipezapo ku Joni ndinaitaya dala. Si bodza. Koma popeza msana wandikhazika pansi ndisanakalambe, nthawi ndili nayo yoti ndilembe ndekha mmene zinayendera. Za ubwana wanga ku Dedza sindilemba, mulibe chokoma. Sukulu ndinalekera Fomu 2. Achibale amati ndi fizi, koma zoona n'zakuti ndinatopa kudikira mphunzitsi amene ankabwera Lachitatu lokha.

Ndili ndi zaka 21: Kommetjie

Ntchito yanga yoyamba inali ya m'gadeni ku Kommetjie, kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja yamchere kumene mphepo imawomba ngati uli nayo mlandu. Malowo anandisiyira msuweni wanga pobwerera kumudzi. Bwana anali mzungu wokalamba, wosalankhulalankhula, wokonda kugwira nkhanu za m'nyanja. Anali ndi galimoto ya baki ndi boti laling'ono lokokedwa pa ngolo. Maso awo atayamba kufooka, anandikhazika pa chiwongolero kuti ndizibwezera ngoloyo m'madzi. Tsiku loyamba ndinatitimiza baki mumchenga mpaka m'mimba, uku mafunde akuyandikira. Sanakalipe. Anatsika, n'kugwada, n'kuyamba kuphwetsa matayala ndi kamtengo ka machesi. Ine ndinati nkhalambayi yapenga.

"Kwera. Usaponde kwambiri," anatero.

Galimoto inatuluka ngati ili pa tala. Zaka zonse za kusukulu palibe chimene chinandilowa m'mutu ngati kamtengo ka machesi kameneko. Bwanayo ndi amene anandithandiza kupeza laisensi. Atamwalira, ana awo anagulitsa nyumba mwezi usanathe. Ine anandipatsa magamubuti a bambo awo ndi kalata yoti ndine wolimbikira ntchito.

Zaka 25 mpaka 29: Montague Gardens

Kalata ija inandilowetsa pa kampani ina yogulitsa matailosi ku Montague Gardens. Ndinkagona m'kachisakasa ka malata ku Dunoon, m'mawa ndinkapita wapansi. Za kumeneko n'zochepa: kapitawo ankapakiza katundu mpaka lole ikhale pansi, tayala likaphulika wolakwa ndiwe. Chabwino chimene ndinapezako ndi Che Saidi, dalaivala wa ku Mangochi, Msilamu, wondiposa zaka khumi. Anali munthu wofatsa amene ankatha kukunyoza iwe n'kumathokoza, kudzazindikira uli kunyumba.

Chaka changa chachitatu kumeneko mnzathu wina wa ku Ntcheu anamwalira ndi chibayo. Amalawi a ku Dunoon anasonkhana kuti thupi lipite kwawo pa msewu, ndipo ine anandisankha kuti ndizilandizana ndi dalaivala. Bokosi linali m'ngolo kumbuyo, nthambi zamasamba zitamangidwa kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto monga timachitira kwathu. Nafe munali mdala wina, malume ake a malemuwo. Tikayandikira mtsinje waukulu ankatsitsa galasi n'kunena mokweza, "Mphwanga, tikuwoloka tsopano." Pa chipata cha ku Beitbridge mapepala anavuta, ndipo dalaivala anati tibwerere ku Musina tikasiye thupi kumochale mpaka zitakonzeka. Mdalayo anakana.

"Maliro sabwerera," anatero. "Akanyamuka, anyamuka. Inu ngati mwatopa pitani, ine ndikhala naye pompano."

Tinakhala pamenepo masiku awiri, dzuwa likutiwamba, mpaka anatilola. Nthawi imeneyo ndinali mnyamata wonyoza zakumudzi, ndipo ndinkaseka mumtima. Sindinadziwe kuti mawuwo andilowa m'magazi.

Zaka 29 mpaka 36: Kwa Deon

Che Saidi anachoka poyamba, n'kudzandiitana patatha miyezi ingapo. Bwana wawo watsopano, Deon, anali ndi magalimoto awiri akale a 4x4 otengera alendo kumapiri. Anali Mbunu wamtali, wofiira khosi, wa pakamwa poipa. Dzina langa loti Fanuel linamukanika, ankangoti Fanie. Koma ndisamunamizire: galimoto ankaidziwa, ndipo anandiphunzitsa zenizeni. Mtsinje uyambe wauwoloka ndi miyendo, galimoto pambuyo. Chala chachikulu usachilowetse mkati mwa chiwongolero, mwala ukakankha tayala chithyoka. Potsika phiri usaponde buleki, giya yamphamvu igwire yokha. Malo oopsa, alendo atsike ayende wapansi. Ndipo lamulo lalikulu, limene ankalibwereza mpaka kutopetsa: "Ndikati bwerera, bwerera. Phiri silithawa."

Chimene ankalephera n'kugula zinthu. Matayala anali ogwira kale ntchito kwina. Winchi, chingwe chachitsulo chokokera galimoto ikatitimira, inalipo imodzi, pa galimoto ya Che Saidi. Ndinkadandaula sabata iliyonse, iye n'kumati, "Dalaivala wabwino safuna winchi, Fanie." Ndinkamuyankha kuti bwana wabwino safuna dalaivala wakufa. Ankaseka, chifukwa alendo ankandikonda.

Ulendo wotchuka unali wa ku kanyanja kena ka pamwamba pa mapiri, kuseri kwa Ceres. Malowo ndi a mlimi wina, amachita kukupatsa kiyi wa geti. Kuchoka pa geti kukafika kunyanjako ndi maola anayi, ngakhale ukaona pa mapu ungati m'pafupi. Njira yake ndi miyala yokhayokha, mitsinje iwiri, ndi kamalo kena kopapatiza kamene tinkakatchula kuti Pakhonde, kumene kumanzere kuli thanthwe, kumanja kuli phompho. Madzi a m'nyanjamo ndi akuda ngati tiyi wopanda mkaka, ozizira mpaka kupweteka mafupa. Azungu ankafika n'kumalira ndi kukongola kwake. Che Saidi, mwana wa kunyanja, ankangoti, "Nyanja yopanda bwato ndi chithaphwi, a Mbewe. Koma asiyeni ajambule."

Zaka zimenezo ndi zimene ndinakwatira, inu munabadwa, ndipo tinachoka m'malata kulowa m'nyumba ya njerwa. Ndikulemba izi kuti mudziwe kukula kwa chimene ndinali nacho m'manja.

Chisanu cha chaka changa chomaliza kwa Deon

Linali Lachisanu, mvula itagwa sabata yathunthu n'kukata. Deon anatituma ku Sea Point kukatenga alendo awiri pa nyumba ina yosanja: mayi wokalamba kwambiri dzina lawo Retha, ndi mwana wawo Pieter, bambo wa imvi amene ankakhala kunja ndipo ankayenera kukwera ndege Lamlungu. Anakwera kwa ine, Che Saidi akutsatira ndi matenti ndi zakudya. Mayiwo anakhala kutsogolo atafungatira kabokosi kathabwa pamiyendo. Ndinkayesa ndi mabisiketi. Ndinatsegula wailesi, ndinadya chitumbuwa cha nyama, ndinatukwananso woyendetsa takisi wina amene anandidula kutsogolo.

Titaima pothira mafuta ku Ceres ndinati, "Mayi, bweretsani kabokosiko ndikaike kumbuyo pamodzi ndi zakumwa, njira ikubwerayi ndi yogwedeza."

"Ayi, mwanawe. Awa ndi amuna anga."

Ndinayesa sindinamve bwino. Pieter ndiye anafotokoza: bambo ake anamwalira miyezi iwiri yapitayo, thupi analitentha, m'bokosimo muli phulusa lawo. Ankakonda kukawedza kunyanja ija zaka zambiri, ndipo anasiya mawu oti akawathire m'madzimo. Deon ankadziwa zonsezi. Sanaone chifukwa chotiuzira.

Ndinathimitsa wailesi. Ndinapita kwa Che Saidi.

"Che Saidi, tanyamula maliro."

"Ali kuti?"

"Pamiyendo pa mayi aja. Anamuwotcha."

"Inna lillahi," anatero, atagwira chisoti chawo. "Munthu wathunthu m'kabokosi kaja? Ndiye inu a Mbewe mwakhala mukuvinitsa malemu kuchokera ku Sea Point?"

"Ndikanadziwa bwanji?"

"Chitumbuwa chija munawagawirako?"

Sindinaseke. Titafika pa geti la mlimi uja ndinathyola nthambi za bulugama n'kumanga kutsogolo ndi kumbuyo kwa magalimoto onse awiri. Pieter anatsika akufunsa ngati pawonongeka china. Ndinamuuza kuti kwathu galimoto yonyamula womwalira imakhala ndi masamba, kuti okumana nayo apatuke ndi kuvula zipewa. Iye anayang'ana uku ndi uku. Kunalibe munthu, anyani okha pathanthwe.

"Ndani ationa kuno?" anafunsa.

"Zisiye," anatero mayi ake ali m'galimoto. "Bambo ako akanakonda."

Tinaphwetsa matayala n'kuyamba kukwera. Pa mtsinje woyamba ndinavula nsapato, n'kuwoloka ndi miyendo, madzi akufika m'ntchafu. Nditabwerera pa chiwongolero, pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinafunsa mayiwo dzina la amuna awo. Anati Hendrik. Ndinanena m'Chichewa, "Bambo Hendrik, tikuwoloka tsopano." Mayiwo sanafunse tanthauzo. Pa mtsinje wachiwiri ananena okha m'chinenero chawo, akusisita bokosilo.

Tinafika Pakhonde dzuwa litapendeka pang'ono, ndipo tinapeza njira kulibe. Madzi otsika pathanthwe anali atakumba chigwembe mbali ya kuphompho, chozama mpaka m'chiuno, chotalika ngati galimoto. Chotsala chinali kampata kokwanira matayala a mbali imodzi. Kunyanja kunatsala ola limodzi pa galimoto. Wapansi, mayi a zaka zoposa makumi asanu ndi atatu sakanafikako.

Pamalopo pali mwala umodzi umene foni imagwira. Ndinakwera, n'kujambula chigwembecho, n'kutumizira Deon. Anaimba nthawi yomweyo.

"Bwerera, Fanie."

"Bwana, tikhoza kudzaza miyala."

"Ndati bwerera. Dothi lanyowa, miyalayo igumuka. Awuze kuti ndidzawatenga ndekha kukatentha, mlimi akakonza njira."

"Mwana wawo akupita Lamlungu. Mayiwa kukatentha mwina sadzakhalapo."

"Si vuto lako limenelo. Ukadutsa pamenepo ndi galimoto yanga, ntchito yatha. Wamva?"

Ndinamva. Ndinatsika n'kukawauza. Pieter anali munthu wanzeru zake, sanakangane. Anati, "Amayi, apa palinso pokongola. Nyanja ili kuseri kwa phirilo. Tiwathire pompano, mphepo iwafikitsa." Mayiwo anangoti, "Anati m'madzi." Sanapemphe kanthu kwa ine. Anangotembenuka kuyang'ana kumene tinachokera, kusonyeza kuti avomera kubwerera.

M'maganizo ndinaona galimoto ya masamba ikutembenuka, ikutsika phiri, ikukaima pa nyumba yosanja ku Sea Point, munthu n'kubwezedwa pa shelefu. Kapena kutayidwa m'mbali mwa njira ngati phulusa la pa mbaula. Ndikudziwa zimene munganene: anali mzungu, sindinkamudziwa, anthu ake sadziwa mwambo umenewo, ndipo thupi linali litapsa kale. Zonsezo ndinadziuza ndekha nditaima pamenepo. Sizinathandize.

Ndinakokera Che Saidi pambali.

"Maliro sabwerera," ndinatero.

"A kwanu. Awa ndi a eni ake."

"Ali m'galimoto yanga. Ndawauza ndekha pa mtsinje kuti tikupita."

"A Mbewe, sukulu munaithawa, tchalitchi mumapita pa Khirisimasi pokha, lero mwasanduka adzukulu okumba manda?"

"Mundithandiza kapena ayi?"

"Ine ndili ndi ana anayi. Galimoto yanga siidutsa apa, ndipo Deon akafunsa ndimuuza kuti ndinakuletsani." Anavula jekete n'kulipinda bwinobwino. "Koma miyala ndinyamula. Munthu ngakhale anamuwotcha, ndi munthu."

Ndinauza Pieter chilungamo: bwana wakana, njira ndi yoopsa, wodutsa ndi galimoto ndikhala ine ndekha, iwo awoloka wapansi. Anafunsa chifukwa chake ndikuchita zimenezi. Ndinalibe Chingerezi chokwanira, ndinangoti kwathu sitibweza munthu panjira. Anavula wotchi n'kuyamba kunyamula miyala nafe.

Tinadzaza chigwembecho maola awiri ndi theka, miyala ikuluikulu pansi, yaing'ono m'mipata, manja akutuluka magazi ndi kuzizira. Che Saidi anaimika galimoto yawo mothinana ndi thanthwe, n'kukola chingwe cha winchi kumbuyo kwa yanga, kuti ikaterereka igwidwe. Pieter anagwira mayi ake mkono kuti awoloke. Koma mayiwo ankafuna dzanja lina logwirira thanthwe, bokosi sakanatha kulinyamula. Anabwerera, n'kuliika pa mpando wakutsogolo, n'kulimanga lamba.

"Ankakonda kukhala apa n'kumauza dalaivala zochita," anatero. "Musawamvere."

Ndinalowa tili awiri ndi malemu. Giya yoyamba yamphamvu, phazi losaponda kanthu, Che Saidi ali kutsogolo kundilozera ndi manja. Matayala akutsogolo anadutsa. Tayala lakumbuyo la kumanja litafika pakati ndinamva miyala ikuyenda pansi panga, phokoso ngati lole ikukhuthula. Galimoto inapendekera kuphompho, chingwe chinalira. Pagalasi lakumanja ndinangoona mlengalenga. Che Saidi anakuwa, "Kumanzere! Gundani thanthwe, gundani!" Ndinakhotetsera kuthanthwe n'kuponda. Chitseko chakumbuyo chinaphwanyika, galasi linasweka, china chinathyoka pansi, koma galimoto inakwera n'kuima pa nthaka yolimba. Nditayang'ana kumbali, dzanja langa lamanzere linali pa bokosi. Sindikumbukira pamene ndinaliika.

Tonse anayi tinapitirira pa galimoto yanga yopundukayo, ikuyenda chopendekera. Tinafika kunyanja dzuwa lisanalowe. Kunali zii, chipale chofewa chili mbuu pansonga za mapiri. Mayiwo analoza mwala wafulati umene amuna awo ankaimapo powedza. Pieter anatsegula bokosi. Phulusa la munthu si lakuda ngati la nkhuni, ndi lotuwa, lokhala ndi timiyala. Anathira pang'onopang'ono, linayandama kanthawi n'kumira. Che Saidi anaima kutali atatembenuka, sankafuna kuona. Mayiwo anandifunsa ngati kwathu pali mawu amene timanena pamenepa. Ndinati nthawi zambiri amalankhula ndi akuluakulu. Anati pano wamkulu ndi amene wawafikitsa. Ndinavula chipewa n'kunena, "Bambo Hendrik, mwafika." Basi.

Tinagona m'galimoto momwemo chifukwa matenti anatsala kuseri kwa chigwembe. M'mawa Che Saidi anayenda wapansi kukaitana mlimi uja, amene anabwera ndi thalakitala ndi antchito ake kudzakonza chigwembe, akutukwana njira yonse. Alendo anatsika phiri pa galimoto ya Che Saidi. Yanga inachita kukokedwa.

Lolemba lotsatira

Deon anazungulira galimotoyo kawiri. Anagwira chitseko chophwanyikacho, anasuzumira pansi, anazula kanthambi ka bulugama kamene kanatsalira kutsogolo n'kukayang'ana. Kenako anandiitanira mu ofesi.

"Saidi akuti anakuletsa."

"Anandiletsa."

"Mayi aja aimba kawiri. Akuti ndisakuchotse. Mwana wawo akuti akonzetsa galimoto." Anakhala pansi. "Galimoto si nkhani, Fanie. Chingwe chija chikanaduka, ndikanapita ine ku Dunoon kukauza mkazi wako. Chifukwa cha phulusa. Phulusa! Likanadikira miyezi itatu pa shelefu, silikanadandaula."

Ankanena zoona, ndipo ndikulemba pano kuti ankanena zoona. Inu munali ana aang'ono. Pathanthwe paja sindinakuganizireni mokwanira.

Anatulutsa makiyi a galimoto n'kuwaika patebulo, pafupi ndi dzanja langa.

"Ndilibe dalaivala wina ngati iwe, ndipo ukudziwa. Ndikufunsa chinthu chimodzi. Mawa uli pamalo ngati paja, ine ndati bwerera. Ubwerera?"

Mawu oti inde bwana ndinali nditawanena kambirimbiri ku Joni, kwa anthu oipa kuposa Deon, pa zinthu zopusa kuposa izi. Akanandikhulupirira. Mwayi woti ndidzanyamulenso phulusa la munthu kupita kuphiri unali wochepa kwambiri. Ndinayang'ana makiyiwo.

"Ndi amoyo ndibwerera," ndinatero. "Ndi maliro ayi."

Anadikira pang'ono, mwina kuti ndiwonjezere china. Kenako anatsegula dilowa n'kuponyamo makiyi.

Panja ndinapeza Che Saidi akutsuka galimoto yawo. Sanafunse, anaona kuti m'manja mwanga mulibe kanthu.

"Munangofunika kunama kamodzi, a Mbewe," anatero.

"Ndikudziwa."

Anatseka mpopi, n'kupukuta manja pa thalauza, n'kundiperekeza mpaka pokwerera takisi. Iwo anagwirabe kwa Deon zaka zina zisanu ndi chimodzi. Ine ndinabwerera kokanyamula matailosi, kumene msana wanga unathera. Kunyanja kuja sindinapitekonso.